Tinatuluka M'chipatala Tonse Awiri



Ndikulemba umboni uwu ndikuganizira amayi amene amakhala kumbuyo m'tchalitchi, amene pa Sabata yobatiza ana amapeza chifukwa chotulukira panja nyimbo isanathe. Ine ndinali mmodzi mwa iwo kwa zaka zambiri. Lero m'nyumba mwanga muli kamtsikana kolongolola, kokonda chiponde ndi kuvala nsapato za bambo ake, ndipo kanabwera kudzera m'njira ya kuchipatala yotchedwa IVF. Sindibisa, ndipo sindichita nazo manyazi. Anthu akamva nkhani yanga amafulumira kunena kuti, "Mulungu ndi wamkulu, munatenga pakati!" Zoona, ndi wamkulu. Koma kutenga pakatiko chinali chiyambi chabe. Pakati pomwepo panatsala pang'ono kutenga moyo wanga ndi wa mwanayo, ndipo chimene ndikuyamikira koposa n'chakuti Ambuye anatisunga tonse awiri kudzera m'manja mwa anthu odziwa ntchito yawo.

Kwathu ndi kunyanja, m'boma la Nkhotakota. Tili ana tinkasamba, kuchapa ndi kutsuka mbale m'madzi omwewo, ndipo kukodza magazi sinali nkhani yodabwitsa. Anyamata ankati ndiko kukula. Likodzo linandigwira kangapo. Palibe amene anatiuza kuti mazira a tizilombo ta likodzo amakhazikikanso m'ziwalo zoberekera za mtsikana n'kusiyamo zipsera. Nditakwatiwa ukwati woyera tinakhazikika ku Lilongwe. Poyamba anthu ankangomwetulira. Kenako anayamba kufunsa kuti, "Kodi mphatso ija sinabwerebe?" Mafunso atatha kunabwera mawu olasa. Ndinamva ndi makutu angawa kuti ndikungodzaza chimbudzi pakhomo pa eni. Ndinamwa zitsamba zowawa zimene azakhali ankanditumizira, ndinasala kudya, ndinakwera phiri la Bunda kukachezera m'pemphero. Mwezi uliwonse yankho linali lomwelo.

Apongozi anga aakazi si munthu woipa. Ankaopa kuti mwana wawo adzakalamba wopanda womutungira madzi. Anaitanitsa ankhoswe, ndipo nkhani inali yoti bambo akunyumba apeze mkazi wina. Apa ndi pamene ndinaona dzanja la Mulungu poyera. Bambowo anayankha mofatsa, maso ali pansi: "Amayi, musanamuweruze mkazi wangayu, tiloleni tikayezetse tonse awiri. Mwina vuto lili mwa ine." Amuna ambiri kwathu kuno sangayerekeze kutero, poopa kutchedwa gojo. Koma madokotala amanena kuti pafupifupi theka la mabanja osowa ana, mbali ya mwamuna imakhudzidwanso. Kwa ife zinapezeka choncho. Ine anandithira mankhwala m'chiberekero n'kundijambula, ndipo zinaoneka kuti machubu onse awiri, njira zimene dzira limadutsa, ndi otsekeka. Bambo mbewu yawo inali yochepa ndiponso yofooka. Tinabwerera kunyumba osalankhulana m'minibasi, koma usiku umenewo tinagwada limodzi, ndipo kuyambira pamenepo mtolowo sunalinso wa ine ndekha.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aliwonse amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina pa moyo wake. Werengani anthu a mumpingo mwanu ndi chiwerengero chimenechi m'maganizo, ndiye muona kuchuluka kwa amene akulira mobisa.

Dokotala anatiuza kuti machubu anaonongeka kwambiri moti opaleshoni sikanathandiza, ndipo njira yotsala inali IVF: kukumanitsa dzira ndi mbewu ya bambo kunja kwa thupi, kenako kubwezera mluza m'chiberekero. Achimwene anga amagwira ntchito ku Cape Town, ndipo anati, "Mlongo, bwerani, pogona musadandaule." Tinagulitsa puloti imene tinkafuna kudzamangapo, tinakongola ku banki nkhonde, amayi anzanga a Chigwirizano awiri atatu amene ndinawaululira anasonkha zawo mwachinsinsi.

Koma chimene chinandisowetsa tulo sichinali ndalama. Kodi kumeneku si kulanda ntchito ya Mlengi? Mnzanga wa Katolika amene timagulitsa naye kaunjika anandiuza mwachikondi kuti mpingo wawo suvomereza njira imeneyi, ndipo anandifotokozera zifukwa zake, za ulemu wa ukwati ndi za miluza imene imatayidwa. Mawu akewo sindinawapeputse, mpaka lero ndimawalemekeza. Tinapita kwa abusa athu. Sanatiyankhe tsiku lomwelo. Anati tibwerenso akapemphera ndi kufufuza. Titabwerera anatikumbutsa za Isake, amene anakwatira Rebeka ali ndi zaka 40 ndipo ana anadzabadwa ali ndi zaka 60, nthawi yonseyo akumupempherera mkazi wake, osamutaya. Anatikumbutsanso kuti Luka, mlembi wa Uthenga Wabwino, anali sing'anga, ndipo Paulo ankamukonda ndi ntchito yake yomweyo. Ndiye anati, "Ana anga, nzeru ya dokotala ichokera kuti ngati si kwa Mulungu? Pitani. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: moyo uliwonse umene ukayambike kumeneko muuwerenge kuti ndi wanu. Musakautaye." Tinalonjeza pamaso pawo, ndipo titafika kuchipatala tinalemba lonjezo lomwelo pa mapepala osainira.

Njirayi si yatsopano monga ndinkaganizira. Mwana woyamba, Louise Brown, anabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham m'dziko la England, ndipo amayi ake anali ndi machubu otsekeka ngati ine. Amene anagwira ntchitoyo ndi Robert Edwards, Patrick Steptoe ndi mayi wina wakhama dzina lake Jean Purdy, amene kwa nthawi yaitali anthu ankamuiwala potchula mayina. Edwards anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2010. Ku Joni komweko mwana woyamba wa njira imeneyi anabadwa mu 1984 pa chipatala cha Tygerberg. Lero ana obadwa chotere padziko lonse aposa 10 miliyoni. Zimenezi zinandilimbitsa mtima pamene ndinkakhala pamzere pakati pa azungu, amwenye ndi anthu akuda anzanga, tonse maso ofanana, maso a Hana ali m'kachisi ku Silo.

Pa IVF amayamba ndi majakisoni a tsiku ndi tsiku pamimba, masiku khumi kapena kupitirirapo pang'ono, oti thupi likhwimitse mazira ambiri nthawi imodzi m'malo mwa limodzi la mwezi ndi mwezi. Bambo ndi amene ankandibaya, manja akunjenjemera, titayamba tapemphera. Amakuunika ndi sikani pafupipafupi. Mazira akakula amakubaya jakisoni wotsiriza, ndipo pakatha maola pafupifupi 36 amakugonetsa tulo n'kuwatulutsa ndi singano. Poti mbewu ya bambo inali yochepa, anagwiritsa ntchito njira ya ICSI, imene inayambira ku Brussels mu 1992, yosankha kambewu kamodzi n'kukalowetsa m'kati mwa dzira. Mayi wa mu labu amene ankasamalira miluza yathu anatiuza mawu amene ndinawasunga: "Ine ndimangozikumanitsa. Kuti zigawikane n'kukula, kapena kuti mluza ugwire m'chiberekero, zimenezo sizili m'manja mwanga." Sindinamufunse ngati amapemphera. Kwa ine unali ulaliki wokwanira.

Ngozi yoyamba inabwera ndisanatenge n'komwe pakati. Thupi langa linayankha mankhwala mopitirira muyeso. Mimba inatupa, nseru osati masewera, kupuma kobanika. Vutoli amalitcha OHSS: madzi amatuluka m'mitsempha n'kudzaza m'mimba, ndipo likakula limatha kuononga impso kapena kuundanitsa magazi. Pakati pakabwera nthawi yomweyo limakulirakulira. Dokotala anati sabwezera mluza mwezi umenewo. Aiumitsa yonse m'kuzizira kwa madigiri 196 pansi pa ziro, mpaka thupi litapuma. Ndinalira, chifukwa ndinali nditatopa n'kudikira. Koma kudikira kumeneko kunandipulumutsa.

Tsono nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino ndi iyi. Itakwana nthawi yobwezera, ndinati, "Adokotala, tiikireni iwiri. Tachokera kutali, ndalama zatha, mapasa akabwera ndiye kuti tamaliza." Ndani wa ife sakondwa akaona mapasa atavala zofanana? Adokotala anavula magalasi n'kunena kuti, "Mayi, ntchito yanga si kungokupatsani pakati. Ndikufuna mudzanyamule mwana wamoyo, inunso muli moyo." Anatifotokozera kuti ngozi yaikulu ya IVF kwa mayi ndi mwana imachokera pa kuika miluza yambiri. Mapasa oposa theka amabadwa masiku asanakwane, masabata 37 asanafike. Ambiri amabadwa osakwana makilogalamu awiri ndi theka. Mwana wobadwa msanga kwambiri amavutika kupuma, amagwidwa matenda mosavuta, ndipo ena ubongo umavulala n'kukhala olumala moyo wonse. Mayi wa mapasa naye BP imamukwera kawirikawiri, shuga wa pakati amamupeza, ndipo amataya magazi ambiri pochira. Anatiuza za ku Britain, kumene m'zaka za m'ma 1990 amayi oposa mmodzi mwa anayi ochira kudzera mu IVF ankabereka mapasa kapena atatu. Atalimbikitsa zoika mluza umodzi umodzi, chiwerengerocho chinatsika kufika pa 4 kapena 5 pa 100, ndipo mwayi wobereka sunatsike.

Bambo akunyumba anakulira pakhasu ku Dedza. Anaganiza kanthawi, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa kuti, "Mayi, n'chimodzimodzi Sasakawa. Phando limodzi, njere imodzi, chimanga chimakula chonenepa. Zinazo zisungidwe, tidzadzala nthawi yake." Ndinavomera. Ndikakumbukira zimene zinadzandichitikira ndili ndi mwana mmodzi yekha m'mimba, ndimagwada pansi. Akanakhala awiri, umboni uwu bwenzi akulemba ndi wina, ndipo bwenzi uli mbiri ya maliro.

Mluza woyamba sunagwire. Si zachilendo: ngakhale kwa amayi osafika zaka 35, mwa miluza itatu yobwezeredwa ndi umodzi wokha, mwapakatikati, umene umafika pobadwa, ndipo msinkhu ukamakwera mwayiwo umatsika kwambiri. Kudziwa zimenezi sikunachepetse ululu. Ndinaulira ngati maliro, chifukwa kwa ine anali maliro. Alamu anga, akazi a achimwene, anakhala nane pamphasa osanena zambiri, akungondigwira dzanja. Titayesanso pambuyo pake, magazi anaonetsa kuti zatheka. Pa sikani ndinamva kamtima kakugunda mofulumira, ndipo bambo, munthu amene sindinamuonepo akulira ngakhale pa maliro a bambo awo, anabisa nkhope m'chipewa.

Tisanabwerere kumudzi adokotala anatilembera kalata yoti tikapereke kusikelo, ndipo anatikhazika pansi. Anati ngakhale mwana ali mmodzi, pakati pa IVF pamafunika maso awiri. Poyerekeza ndi pakati pobwera pokha, mwayi woti mwana abadwe msanga kapena wochepa thupi ndi wokwererapo, nsengwa imatha kukhala m'munsi n'kutseka njira ya mwana, ndipo ambiri amachira ndi opaleshoni. Anati zina mwa zimenezi sizichokera mu labu ayi, koma ku msinkhu wa mayi ndi ku matenda omwe anamulepheretsa kubereka poyamba. Kwa ine choopsa kwambiri chinali kukwera kwa BP kwa amayi oyembekezera kumene amakutcha preeclampsia. Panali pakati panga poyamba, zaka zanga zinali zitapitirira 35, ndipo mluza wochokera m'chisanu woikidwa m'chiberekero chokonzedwa ndi mankhwala umawonjezera ngozi yomweyo. Anandilembera asipirini wochepa mphamvu woti ndiyambe kumwa cha m'sabata ya 12, ndipo anati tigule makina oyezera BP a kunyumba. Mawu awo otsazikira anali akuti, "Mutu ukakupwetekani modabwitsa, musadikire kuti kuche."

Ku Lilongwe ndinayamba sikelo msanga. Ena kumpingo ankati, "Mwana wa lonjezo ameneyo, palibe chingamuchitikire, bwanji mukungokhalira kuchipatala?" Ndimawakonda, koma sindinawamvere. Chikhulupiriro changa chinandiuza kuti mphatso imene Mulungu wakupatsa uyenera kuiyang'anira. Kuyambira 2016 a WHO amalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi achipatala kosachepera kasanu ndi katatu. Ine ndinkapita koposa apo. M'mawa uliwonse tikatha mapemphero bambo ankandimanga kalamba ka makina a BP pamkono n'kulemba manambala m'kope la mwana wa sukulu. Azamba anali atatiphunzitsa: ikafika 140 pa 90 bwerani, ikafika 160 pa 110 thamangani. Anatiphunzitsanso zizindikiro zina: mutu waukulu, kuona zinthu ngati nyenyezi kapena chifunga, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti kumanja.

Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa bwino, mwana akusewera m'mimba. Kenako mphete inayamba kundithina. Usiku wina ndinadzuka mutu ukung'amba, ndikayang'ana babu ndikuona timoto tikuuluka. Bambo anayeza kawiri, ndipo manambala anali atadutsa pa mzere wothamangira uja. Sanafunse kanthu. Anagogoda kwa aneba amene ali ndi galimoto, ndipo m'bandakucha tinali kuchipatala.

M'mkodzo munapezeka zizindikiro zoti impso zayamba kuvutika. Anandibaya magnesium sulphate m'matako onse awiri, jakisoni woteteza mayi kuti asayambe kukomoka ndi kuphupha. Amene anabayidwapo akudziwa moto wake. Thupi lonse limatentha. Anandipatsa mankhwala otsitsa BP, ndiponso jakisoni wina wokhwimitsa mapapo a mwana, amene amaperekedwa ngati mwana abadwe masabata 34 asanakwane. Dokotala wachitsikana, msinkhu wa mng'ono wanga, anandiuza zoona zokhazokha: "Mayi, nthendayi imachokera ku nsengwa, ndipo mankhwala ake enieni n'kuti mwana atuluke. Tiyesetsa kugula masiku awiri kuti jakisoni wa mapapo agwire ntchito. Zikaipa sitidikira." Masiku amenewo namwino ankabwera pafupipafupi kudzayeza BP, kumvetsera mtima wa mwana, kuona kuchuluka kwa mkodzo ndi kundigogoda pabondo. Amayi a Chigwirizano anamva, ndipo anagawana maola kuti pasakhale nthawi yopanda wondipempherera. Ine pemphero langa linali litafupika kwambiri. Sindinkathanso kupanga ziganizo. Ndinkangoti, Ambuye, tonse awiri.

Magazi atayamba kuonetsa kuti chiwindi chikukhudzidwa, ananditengera ku fiyeta. Anandibaya pamsana, ndinali maso. Ndinamva kukoka, kenako kulira kochepetsetsa, kosamveka bwino, koma kulira ndithu. Anandionetsa kankhope kake kamphindi n'kuthamanga naye. Sanakwane makilogalamu awiri.

Ku nazale anamuika pa makina othandiza kupuma otchedwa Pumani, amene amapopera mpweya pang'onopang'ono kudzera m'timachubu ta m'mphuno, botolo la madzi likubwata pambali. Makina amenewa anapangidwa ndi a Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuti akhale otsika mtengo ndi okonzeka mosavuta kuno kwathu. Taonani mmene Mulungu amakonzera zinthu: anthu amene sanandidziwe anakhala pansi zaka zambiri m'mbuyomo kupanga chipangizo chodzapumira mwana wanga. Malawi ndi dziko limene ana ambiri amabadwa masiku asanakwane. Lipoti la Born Too Soon la 2012 linatiika patsogolo pa mayiko onse, ana 18 pa 100 aliwonse. N'chifukwa chake anamwino athu a kunazale ntchito imeneyi amaidziwa ndi manja awo. Anamuunikanso ndi magetsi abuluu chifukwa cha chikasu. Ine ndinkakwawa ndi bala langa kukamufinyira mkaka, madontho owerengeka, ndipo ankamumwetsa kudzera m'kachubu, kenako m'kakapu.

Atachoka pa makina tinalowa m'chipinda cha kangaru. Mwana amamuika pachifuwa pa mayi, khungu ndi khungu, atangovala thewera, chipewa ndi masokosi, n'kumumanga ndi chitenje, usana ndi usiku. Kutentha kwa mayi kumamufunditsa, amapuma bwino, amayamwa msanga, ndipo matenda samugwira wamba. Njirayi anaiyambitsa ndi Dokotala Edgar Rey ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, chaka chomwe Louise Brown anabadwa, ndipo kuno inayambira pa chipatala cha Zomba mu 1999. Zimandikhudza mtima kuti mwana amene moyo wake unayambira m'makina odula a ku Cape Town anadzakhwimira m'chitenje cha pamsika.

Koma BP yanga inali isanatsike, ndipo ndinkachita chizungulire. Namwino anati pakufunika gadiyani woti azindilandira mwanayo. Amayi anga anamwalira kale. Amene anabwera kuchokera ku Dedza, atanyamula ufa, nkhuni ndi kambaula, anali apongozi anga, omwe aja anaitanitsa ankhoswe. Anavula bulauzi popanda manyazi, namwino anawamangirira mdzukulu wawo pachifuwa, ndipo anakhala tsonga pampando usiku wonse kuti ine ndigone. Usiku wina ndinadzidzimuka n'kuwamva akulankhula chapansipansi. Anaona kuti ndadzuka, ndipo anati, "Mwana wanga, ndinakulakwira. Undikhululukire." Ndinati, "Amayi, zinatha kale." Sindinapemphepo chozizwitsa chimenechi m'mapemphero anga onse a ku Bunda, Ambuye anachiwonjezera okha. Bambo nawo ankabwera akaweruka kuntchito, n'kumasula malaya, kamwana kaja kakusowa m'chifuwa chawo chachikulu, amayi ena m'wodimo akuseka ndi kuwayamikira.

Sindingachitire umboni moona ndikabisa zina zimene ndinaona m'menemo. Pafupi nane panagona mtsikana wamng'ono wochokera kumudzi wakutali, amene anafika atakomoka kale chifukwa cha nthenda yomweyi. Analibe makina oyezera BP kunyumba, analibe aneba a galimoto, ndipo palibe anamuuzapo tanthauzo la mutu ndi kutupa kuja. Iye anapulumuka, mwana wake ayi. Sindinganene kuti Mulungu anandikonda ine kuposa iye, kapena kuti ndinapemphera bwino kumuposa. Ayi. Ndinali ndi kalata ya dokotala, asipirini, kope la manambala ndi anthu ondithamangitsa usiku, ndipo zonsezi ndi zinthu zimene mpingo ungathe kuthandiza kuti mayi aliyense akhale nazo. Tsiku limene ankatuluka ndinamupatsa chitenje changa chatsopano ndipo tinalira limodzi. Mpaka lero ndimamutchula m'pemphero. Chifukwa cha iye, ku Chigwirizano kwathu tinasonkha ndalama n'kugula makina a BP, ndipo mayi wina amene anapuma pa unamwino amayeza oyembekezera onse tikakumana Lachinayi.

Tinatuluka mwana atayamba kuyamwa yekha ndi kukwera sikelo tsiku ndi tsiku, ndipo kangaru tinapitiriza kunyumba. Mantha anali asanathe. Anthu ena ankanong'ona kuti mwana wa m'botolo sakhala wamphumphu, kuti nzeru zake zimakhala zoperewera, kuti sadzabereka. Dokotala wa ana anatiyankha momveka: mwayi wobadwa ndi chilema umakwererapo pang'ono chabe mwa ana a IVF, ndipo ochuluka kwambiri amabadwa bwinobwino, kukula ndi kuphunzira ngati anzawo. Chimene chimafunika kuchiyang'anira ndi kubadwa msangako, osati njira imene mwana anayambira. Anatiuza kuti tiziwerenga msinkhu wake kuyambira tsiku limene anayenera kubadwa, kuti tisade nkhawa akachedwerapo kukhala kapena kukwawa. Anamuyeza maso ndi makutu, analandira katemera yense. Anachedwadi pang'ono kuyenda, koma atangoyamba sanaimenso. Za kuberekazo, Louise Brown uja anakula, anakwatiwa, ndipo anabereka ana ake mwachibadwa. Wangayu amaloweza mavesi a Sande sukulu msanga kuposa ine, ndipo amatsutsana ndi agogo ake pa nkhani ya kusamba.

Thupi langa nalo lili ndi nkhani yake. Mayi amene anadwalapo preeclampsia amakhala pa ngozi yokulirapo yodzadwala BP, mtima kapena sitiroko m'tsogolo, choncho makina aja sitinawasunge m'sutikesi. Ndinachepetsa mchere, ndimayenda wapansi popita kumsika, ndimakayezetsa. Ndinapempha mwana kwa zaka zambiri. Ndikufuna ndidzamuone akukula.

Kwa inu amayi ndi abambo amene mukudikirabe, sindikulonjezani kuti IVF ndiyo yankho lanu. Ndi yodula, ndi yowawa, ndipo ambiri amabwerako manja ali m'khosi ngakhale atapemphera kuposa ine. Ena vuto lawo limatha ndi mankhwala apafupi akayezetsa msanga, n'chifukwa chake ndikuti pitani nonse awiri, musataye zaka mukulozana zala. Ena Mulungu amawapatsa ana a abale awo kapena amasiye kuti awalere, ndipo amenewo ndi makolo enieni. Koma ngati mwaganiza zoyenda njira imene ndinayenda ine, funsani dokotala kuti aika miluza ingati ndipo chifukwa chiyani, funsani za OHSS, tengani kalata yopita nayo kusikelo, ndipo musalole aliyense, ngakhale wovala kolala, akuuzeni kuti kumwa mankhwala a BP n'kuchepa chikhulupiriro. Abusa ndi akulu a mpingo, ndikukupemphani mwaulemu kuti pa tsiku lobatiza ana muzikumbukira m'pemphero mabanja amene manja awo ali opanda kanthu, ndipo liwu loti chumba lisamveke pakati pa ana a Mulungu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha mundithandize kupempherera. Ku Cape Town kwatsala mluza wathu umodzi m'chisanu muja, ndipo chaka chilichonse timalipira kuti usungidwe, monga tinalonjezera pamaso pa abusa. Adokotala atiuza mosabisa kuti preeclampsia ikhoza kubweranso, ndipo asanavomere akufuna aone impso, mtima ndi BP yanga kwa miyezi ingapo, komanso kuti bala la opaleshoni lapola mokwanira. Bambo akuopa kunditaya, ine ndikuopa kumusiya mwanayo kumeneko. Tayamba kusunga ndalama za ulendo pang'onopang'ono, ndipo mwezi wamawa ndikukayezetsa magazi koyamba. Mutikumbukire pamaso pa Ambuye, kuti atipatse mtima umodzi pa nkhaniyi, ndiponso kuti apatse nzeru adokotala amene adzatiuze ngati n'zotheka.